Ottawa: sitima yopulumutsa zinzake imene inapsa usiku womwe inamaliza ntchito

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Popeza masiku ano tikukambirana za sitima zakale, ndati ndikuyalireni nkhani ya ina imene zotsala zake zili pansi pa madzi kuno ku nyanja ya Lake Superior, kufupi ndi tawuni ya Bayfield m'chigawo cha Wisconsin ku America. Dzina lake ndi Ottawa. Sinali yonyamula anthu kapena katundu ayi. Inali sitima yokoka zinzake, yamatabwa, yoyendera nthunzi.

Anaikhoma ku Chicago mu 1881, ndipo poyamba inkatchedwa Boscobel. M'litali inali mamita 46, moti pa nthawiyo ku Chicago kunali kusanakhomedwepo sitima yokoka yaikulu chotero. Zaka zake zoyamba inkakoka mitengo pa nyanja ya Lake Michigan. Kenaka inagulidwa ndi James Reid wa ku Sarnia, ku Ontario m'dziko la Canada, amene ntchito yake inali yopulumutsa ndi kuvuula sitima zochita ngozi. Ili m'manja mwa a Reid ndi pamene inalandira dzina la Ottawa.

Mu Novembala 1909 sitima yaikulu yachitsulo, James H. Hoyt, inatsakamira pamalo osaya kufupi ndi Outer Island, chimodzi mwa zilumba za Apostle. Ottawa ndi sitima zina zokoka zinalimbana nayo masiku ambiri mpaka inayandama, ndipo anaiperekeza pamalo abata ku Red Cliff Bay. Usiku wa pa 29 Novembala amalinyero a mu Ottawa anadya, n'kukagona ali otopa kwambiri. Sipanapite nthawi anadzidzimuka moto utakula kale. Onse anatuluka amoyo. Koma Ottawa anaikankhira kutali kuti moto usagwire sitima imene anali atangoipulumutsayo, ndipo inapsa mpaka polekeza madzi, n'kumira.

Chimene chinayambitsa moto sichinatsimikizike. Ambiri amaloza malasha, chifukwa m'sitimamo munali matani oposa 100, ndipo akuti mwina anayaka okha. Apa ndi pamene ndikufuna thandizo lanu odziwa za makina. Zoona malasha angayake popanda wowayatsa?

Tadala92:
Achemwali, nkhaniyi yandigwira. Zaka 28 ikuthandiza ena, n'kupsa tsiku lomwe yatsiriza ntchito. Tsoka silinunkha ndithu.

Agogo a Boyila:
Mdzukulu wanga Tadala, tsoka lina silinunkhadi, koma la malasha limanunkha. Ine ndakalambira pa boyila, pa fakitale ina, ndipo fungo limenelo ndimalidziwa. Limakhala ngati la sufule, losakanikirana ndi kautsi kosaoneka bwino.

Mayi Nachisale, yankho ndi lakuti inde, amayaka okha. Malasha akakhudzana ndi mpweya amatulutsa kutentha pang'onopang'ono. Ali panja pamtetete, kutenthako kumauluka ndi mphepo. Koma mukawaunjika mulu waukulu m'chipinda chotsekeka, makamaka akakhala ophwanyikaphwanyika ndi achinyontho, kutentha kumasowa kothawira. Kumakhala m'kati mwa mulu, ndipo kukamakwera malasha aja amadya mpweya mofulumira, kutenthanso kumaonjezeka. Alimi a fodya akudziwa mmene mulu wa fodya wonyowa umatenthera m'kati ukapisamo dzanja. Malasha amatero, kungoti iwo salekera pofunda, amafika pa moto weniweni.

Tsono m'sitima ya nthunzi nkhokwe za malasha zimakhala pambali penipeni pa boyila, kuti wothira malasha asayende mtunda ndi fosholo. Ndiye kuti mulu uja ukutenthedwanso ndi boyila usana ndi usiku. Ukhoza kunyeka chamumtima masiku angapo anthu osadziwa. Mankhwala ake ndi amodzi: munthu azipita kukagwira khoma la nkhokwe ndi dzanja, azinunkhiza. Akapeza potentha, afukule malasha amenewo n'kuwaponya m'ng'anjo kuti akapsere koyenera.

Nachisale:
Zikomo agogo. Nanga bwanji sanauzimitse? Sitima yopulumutsa zinzake imayenda ndi mapampu amphamvu, madzi nawo ali ponseponse.

Agogo a Boyila:
Mapampu a nthawi imeneyo ankayendera nthunzi yomweyo, mayi. Usiku sitima ikaima, moto wa m'ng'anjo amaufundika kuti ungosunga kutentha mpaka m'mawa, ndipo mphamvu ya nthunzi imatsika. Komanso kuti pampu igwire ntchito pamafunika munthu atsike kuchipinda cha injini akatsegule mavavu. Ngati moto wayambira kunkhokwe za malasha, chipinda chimenecho ndi chimene chimayamba kudzaza utsi. Atsikeko ndani? Chimatsala ndi ndowa, ndipo ndowa siingathe moto wa matani a malasha.

Mmisiri wa ku Nkhotakota:
Ndilowepo pa mbali ya matabwa, poti ndiyo ntchito yanga. Anthu amaganiza kuti bwato lili m'madzi ndiye kuti ndi lonyowa. Lonyowa ndi la pansi lokha. Kumwamba kuli gwaa. Tsono ganizirani thabwa limene lakhala moyandikana ndi boyila kuyambira 1881 mpaka 1909. Madzi onse anatulukamo kalekale, lamwa mafuta a injini, lapakidwa penti chaka ndi chaka. M'mipata ya matabwa ankatsekamo ndi ulusi wa zingwe zakale woviikidwa m'phula kuti madzi asalowe. Onjezerani zingwe zikuluzikulu zokokera, ndi nyali za parafini. Sitima yotereyi ikagwira moto imangoti lawilawi, simungaipeze.

Chimene chikundiwawa ine ndi luso limene linapsa. Kukhoma chombo cha mamita 46 ndi mitengo, choti chikoke sitima yachitsulo yoposa icho kutalitali osang'ambika, si masewera. Mphamvu yonse ya chingwe imathera pa nsanamira yomangapo chingwecho, ndipo nsanamirayo iyenera kulumikizana ndi nthiti ndi msana wa sitima mwanzeru, apo ayi imazuka ndi matabwa omwe. Amene ankadziwa kulumikiza zimenezi anapita.

Aphunzitsi aGama:
A Mmisiri anena zoona, ndipo ngozi zotere sizinali zachilendo kumeneko. Mu 1901, dera lomwelo la Red Cliff, sitima ina yamatabwa yotchedwa Fedora inapsa chifukwa cha nyali ya parafini m'chipinda cha injini. Kaputeni anaithamangitsira kumtunda, anthu n'kupulumuka, koma sitimayo inatheratu.

Tikumbukenso chifukwa chimene sitima ngati Boscobel zinkakhomedwera. Mzinda wa Chicago unapsa mu 1871, ndipo unali kale msika waukulu wa matabwa. Nkhalango za paini za ku Wisconsin ndi Michigan zinkagwetsedwa usana ndi usiku, mitengo n'kumayenda pa nyanja kupita kum'mwera. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nkhalango zija zinali zitatha m'madera ambiri. Sitima zimene zinkadya za mitengo zinayenera kupeza ntchito ina. Choncho mbiri ya Ottawa ili ndi mbiri ya nkhalangozo m'kati mwake.

Za mwezi wa Novembala, pa Lake Superior ndi mwezi woopsa. Ndi nthawi imene eni sitima amathamangitsa maulendo otsiriza madzi asanaundane, pomwe anamondwe ali pachimake. Sitima yaikulu yotchedwa Edmund Fitzgerald inamira pa nyanja yomweyo pa 10 Novembala 1975 ndi anthu 29, ndipo iyo inali yachitsulo, yamakono. Nyanjayi ndi yaikulu pafupifupi katatu kuposa nyanja ya Malawi.

aJere ku London:
Ine ndinena mosapsatira, ngakhale ena akhumudwe. Vuto apa si malasha, si matabwa. Vuto ndi lakuti anthu anagona. Sitima yokhala ndi moto m'mimba mwake siigona yonse. Mmodzi amayenera kukhala maso. Ngati moto anauona utakula kale, ndiye kuti pamene unali waung'ono panalibe wouona. Kumeneko ndi kulekerera, ndipo mlandu uli pa kaputeni ndi anthu ake.

Namwino wa Usiku:
Achimwene aJere, mawu amenewo ndi olemera kwa anthu amene sangathe kudziyankhira. Ine ndimagwira ntchito usiku, ndipo ndikudziwa chimene thupi limachita likakhala masiku osagona mokwanira. Umatha kuimirira, maso ali tong'o, koma osaona chimene chili patsogolo pako. Anthu awa anakhala masiku ambiri m'madzi ozizira ngati ayezi, akukoka zingwe zonyowa, akuthira malasha osapuma. Ntchito itatha thupi linangogwa lokha. Mukanawaikira mlonda kuchokera pakati pawo, nayenso akanawodzera pampando.

Ngati pali wofunsidwa, ndi amene amawerengera kuti sitima ikhale ndi anthu angati. Anthu akakhala okwanira ntchito ya usana yokha, ndiye kuti usiku mwaupereka kwa mwayi.

aJere ku London:
Achemwali, kutopa sindikukukana. Koma pa nyanja lamulo la ulonda linaikidwa chifukwa cha kutopa komweko. Kaputeni wanzeru amagoneka munthu mmodzi masana, ngakhale ntchito ichuluke bwanji, kuti usiku akhale ndi maso.

Namwino wa Usiku:
Pamenepo tagwirizana. Koma onani kuti mwasamutsa mlandu, mwauchotsa pa ogona mwauika pa wokonza ntchito. Ndi zimene ndimanena.

Agogo a Boyila:
Nonse awiri muli ndi mbali. Ndionjezere chimodzi. Pa masiku amene ankakoka James H. Hoyt, ng'anjo inkayaka mwamphamvu zake zonse, chifukwa kukoka sitima yotsakamira kumafuna nthunzi yochuluka kwa maola ambiri. Zitsulo ndi matabwa ozungulira boyila zinatentha kuposa masiku onse. Nthawi yoopsa kwambiri pa boyila ndi imeneyo, pamene mwangomaliza ntchito yolemetsa. Aliyense mtima uli m'malo, koma kutentha kukadali m'makoma. Ife tinkaphunzitsidwa kuti ukazimitsa usachoke msanga, uzungulire kaye, ubwerenso uzungulire. Wachinyamata aliyense amene ali pagulu pano ndipo amagwira za maboyila kapena majenereta, amve zimenezi.

Tadala92:
Ndifunse mwaulemu. Sitima zinapsa zambiri, monga anenera aphunzitsi. Palibe anafa mu Ottawa. Bwanji imeneyi ikutchedwa yambiri? Kodi si matabwa opserera chabe ali m'matope?

Nachisale:
Funso labwino, mng'ono wanga. Mu 1992 boma la America linaiika m'kaundula wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko, National Register of Historic Places. Chifukwa chake n'chakuti moto unadya za pamwamba zokha. Zonse za pansi pa madzi, msana, nthiti, matabwa a m'munsi, zinatsala. Sitima zokoka zamatabwa zazikulu chotere zinatha pafupifupi zonse, zina anaziphwasula, zina zinaolera pa madoko. Ofuna kudziwa mmene ankazikhomera amapita kukayeza pa zotsala ngati zimenezi.

Ili pamadzi osaya, pafupi ndi gombe, moti nyanja ikakhala bata anthu opalasa timabwato amaiona kuchokera pamwamba. Pambali pake pali zotsala za sitima ina yamatabwa, H.D. Coffinberry, imene inangosiyidwa pamenepo itakalamba. Gombelo ndi la anthu a mtundu wa Ojibwe a ku Red Cliff, eni dera, choncho wopitako amayenera kulemekeza malo awo.

Mmisiri wa ku Nkhotakota:
Zaka zoposa 100 thabwa lili m'madzi osaola? Kwathu kuno bwato likamira sizitenga nthawi yotero.

Aphunzitsi aGama:
Kusiyana kwake ndi kuzizira, a Mmisiri. Madzi a Lake Superior ndi ozizira chaka chonse, ndipo tizilombo toolesa mitengo timagwira ntchito pang'onopang'ono m'madzi otere. Komanso ndi madzi opanda mchere. M'nyanja zamchere muli tizilombo tofukula matabwa timene timatha chombo chomira m'zaka zochepa, koma m'madzi opanda mchere sitikhalamo. Onjezerani kuti sitima zambiri za kumeneko ankazikhoma ndi mtengo wa oak, wolimba kwambiri. N'chifukwa chake nyanja zazikulu za kumeneko zasunga sitima zamatabwa bwino kuposa malo ambiri pa dziko.

Adani alipo ndithu. Pamadzi osaya, ayezi wa m'nyengo yozizira amakanikiza ndi kukoka matabwa chaka chilichonse. Pa Lake Michigan ndi Lake Huron tinkhono tina tobwera ndi sitima za kunja m'zaka za m'ma 1980 takuta zotsala za sitima zambiri. Ku Superior sitinafalikire chotero. Mdani wina ndi munthu wofuna kachikumbutso. N'chifukwa chake malamulo a ku Wisconsin amaletsa kuchotsa kanthu kalikonse pa zotsala zotere.

Tadala92:
Ngati ayezi akuiwononga, bwanji osaivuula n'kukaiika m'nyumba yosungiramo zinthu zakale?

Mmisiri wa ku Nkhotakota:
Iyayi mwanangu, kuteroko ndi kuipha kachiwiri. Thabwa limene lakhala m'madzi nthawi yaitali, madziwo ndi amene akuligwira. Mukalitulutsa n'kuuma limakwinyika, limang'ambika, limafumbutuka m'manja.

Aphunzitsi aGama:
Zinachitikapo kumeneko komweko. Mu 1969 anavuula chombo chamatabwa chotchedwa Alvin Clark ku Green Bay, mbali ina ya Lake Michigan, chimene chinamira mu 1864. Chinatuluka chathunthu, anthu n'kumakhamukira kukachiona. Koma ndalama zochisamalira moyenera panalibe. Chinaolera kumtunda, ndipo mu 1994 anachigumula. Zaka 105 m'madzi chinali bwinobwino, zaka 25 kumtunda chinatha. A ku Sweden anakwanitsa ndi Vasa, sitima yankhondo yamatabwa yakalekale, imene anaivuula mu 1961, koma anaipopera mankhwala kwa zaka 17, ndipo mpaka lero imadya ndalama zambiri. Ottawa ili bwino pamene ilipo.

aJere ku London:
Ngakhale zosungidwa kumtunda moto umazipeza. Kuno ku Greenwich, mu London, kuli Cutty Sark, chombo cha mu 1869. Pa 21 Meyi 2007 chinagwira moto m'bandakucha chili m'kati mokonzedwa. Ofufuza anapeza kuti mwina unayambira pa makina okoka fumbi amene anasiyidwa osazimitsa kumapeto kwa sabata. Mwayi wake unali wakuti matabwa ambiri anali atachotsedwa kale kukawakonza kwina. Anachitsegulanso mu 2012, ndalama zitaonjezekera kwambiri. Zaka pafupifupi 100 kuchokera pa Ottawa, mzinda wokhala ndi ozimitsa moto ndi zipangizo zonse, koma chiyambi chake mwina n'chomwecho: chinthu chotentha chinatsala chokha usiku. N'chifukwa chake ndimaumirira pa nkhani ya ulonda, achemwali a Namwino. Sikuti ndikunyoza akufa.

Namwino wa Usiku:
Ndamva achimwene, ndipo sindinaganize kuti mukunyoza. Changa n'chakuti tikamati "pakhale mlonda" tizinenanso kuti mlondayo agone masana, alipidwe, ndipo akhale ndi mnzake. Anthu ambiri amafuna ulonda koma safuna kulipira mtengo wake.

Nachisale:
Pali amene wandifunsa kumbali ngati sitima yamtundu wa Ottawa ikadalipo yoyandama. Zilipo zowerengeka kwambiri. Ku Vancouver, ku Canada, kuli Master, yamatabwa, ya mu 1922, imene ikadali ndi injini yake ya nthunzi. Imasamalidwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo nkhondo yawo yaikulu ndi kuola kwa matabwa ndi kusowa kwa ndalama. Ku Seattle, ku America, kuli Arthur Foss ya mu 1889, yamatabwanso, koma iyo anaichotsa injini ya nthunzi mu 1934 n'kuikamo ya dizilo.

Agogo a Boyila:
Amene akusunga Master akuchita chinthu chachikulu. Injini ya nthunzi siimveka poiona itaima. Uyenera kuimva ikupuma, uone mmene wothira mafuta amagwirira chitsulo chikuyenda kuti adziwe ngati chatentha. Zimenezo sizilembedwa m'buku, zimachoka m'dzanja kupita m'dzanja. Sitima yotsiriza ikapsa kapena kuola, wophunzitsa amasowa pophunzitsira.

Nkhaniyi yandikumbutsa Chauncy Maples ya pa nyanja yathu. Iyo ndi yachitsulo, inapangidwa ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, n'kuyamba kuyenda mu 1901. Koma ng'anjo yake inkadya nkhuni, ndiye kuti nayonso inkayenda ndi moto m'mimba ndi milu ya nkhuni zouma pambali. Makolo athu amene ankasonkhezera moto umenewo ankadziwa ulonda umene tikukambawu.

Mmisiri wa ku Nkhotakota:
Mayi Nachisale, pempho langa. Nyengo yotentha ikafika kwanuko, mukapitako, mudzajambule nthiti zija chapafupi. Ndikufuna ndione ngati anaziika ziwiriziwiri zophatikiza, ndi kutalikirana kwake. Ndionenso misomali, ngati ndi yachitsulo yopyoza mpaka m'kati kapena yongokhomera. Pa chithunzi pakhale chinthu choyerekezera kukula, ngakhale nkhafi yanu.

Nachisale:
Ndidzayesetsa, bambo. Nthawi yabwino ndi Julayi kapena Ogasiti, m'mawa mphepo isanadzuke, chifukwa madzi akavunduka pang'ono pansi sipaoneka. Kukhudza kapena kusuntha kanthu sindingathe, malamulo salola, koma kujambula kuchokera pamwamba n'kololedwa. Nkhafi ndidzaiika pamwamba pa madzi molunjika ndi nthiti kuti muyerekezere.

Mmisiri wa ku Nkhotakota:
Zikomo. Mudzayambire chakumbuyo kwa sitima, kumene kunali chitsulo chozungulira chimene chimakankha madzi kuti sitima iyende. Kumeneko ndi kumene mmisiri amavutika kwambiri, chifukwa thabwa limayenera kupindika kawiri ndipo msana umabooledwa kuti chitsulo chidutse. Ngati mbali imeneyo inatsala, ndi imene ndikufuna kuona poyamba.